Magazi Olimba Ndi a Mtundu Uti? Mkangano wa M'minda ya Tiyi

Chiperoni chikatsika n'kukhazikika pa minda ya tiyi masiku angapo, ku Thyolo nkhani imakhala imodzi basi, chimfine. Chaka chino sichinadumphe khomo. Chinayamba ndi ana a sukulu, chinalowa m'malaini mwa antchito, chinakwera minibasi za ku Limbe, moti pofika kumapeto kwa June ukaima pamsika wa Bvumbwe umamva chifuwa mbali zonse, wogulitsa kabichi akukhosomola, wogula nayenso akukhosomola. Kudwalako sikunadabwitse munthu. Chomwe chazunguza anthu mitu n'chakuti m'nyumba imodzi, anthu ofunda bulangete limodzi ndi kudyera mbale imodzi, wina wagona sabata yathunthu, mnzake wangoyetsemula kawiri n'kunyamula mpeni wake kupita kukadulira tiyi.

Nkhani ili m'kamwa choncho, panatulukira uthenga wa mawu pa WhatsApp. Wolankhulayo sanadzitchule dzina, koma ankamveka ngati munthu wodziwa zinthu. Akuti akatswiri a kunja apeza kuti asilikali a m'thupi amasiyana malinga ndi mtundu wa munthu, ndipo pali mitundu ina yomwe mavairasi amaiopa. Mtundu wake uti, sananene. Mpata umenewo anthu a ku Thyolo audzaza okha, ndipo kuyambira ku Luchenza mpaka ku Thekerani aliyense waikapo mtundu wake.

Miyezi ino masamba ndi ochepa, aganyu ambiri anabwerera kumudzi mvula itatha, choncho pa shedi yoyezera tiyi nthawi yocheza ilipo. Pa esiteti ina chakufupi ndi Makwasa, amayi a Chilhomwe ndi amene anayamba kudzipatsa chikho. Umboni wawo ndi kalongonda. Akuti nyemba yoti uiphike tsiku lonse, kutaya madzi kangapo kuti isakuzunguze mutu, munthu wokula akudya imeneyo thupi lake linazolowera zovuta, chimfine n'chiyani kwa iye. Bambo wina wa kwa Bvumbwe, Mngoni, sanalole. Iye akuti makolo ake anayenda wapansi kuchokera kutali kummwera, anawoloka Zambezi, ofooka onse anatsala m'njira, ofika kuno anali osankhika okhaokha. Mkulu wina wa Chimang'anja anangomwetulira n'kunena kuti alendo akangane, koma matenda a dziko lino amadziwana ndi eni nthaka, anapangana kalekale. Mlonda wa Chisena wochokera ku Nsanje naye anaponyapo lake, kuti munthu wopulumuka udzudzu ndi dzuwa la kuchigwa palibe chingamugwetse. Ananena izi atavala majekete awiri ndi chipewa chofika m'makutu, ndipo shedi yonse inafa nacho chiseko, mwini wake akuseka nawo.

Anathetsa mkanganowo ndi agogo ena obwera kudzagulitsa zitumbuwa, mdzukulu ali kumbuyo. "Inu ana anga, tandiuzani. Uyu mayi ake ndi Mlhomwe, bambo ake ndi Mngoni. Abambo a mayi akewo anali Myao wa ku Chiradzulu, ine amene ndinabereka bambo ake ndine Mmang'anja. Asilikali akewo avala yunifolomu ya mtundu uti?" Kapitawo anayang'ana wotchi n'kuuza anthu kuti nthawi yakwana, aliyense kumzere wake.

Funso la agogowo ndi lolemera kuposa uthenga wonse uja. Kwa Alhomwe, Amang'anja ndi Ayao mwana ndi wa kwa mayi, amawerengedwa mu mbumba ya amalume ake. Kwa Angoni mwambo wakale umati ndi wa kwa bambo. Mwambowo uli ndi ntchito yake pa nkhani za malo, ukwati ndi maliro. Koma DNA, malangizo a chibadwa omwe ali m'maselo athu, satsata mwambo: theka limachokera kwa mayi, theka kwa bambo, kaya ukwatiwo ndi wa chikamwini kaya wa chitengwa. Ndipo dera lino lakhala likusakaniza anthu kwa zaka zoposa 100. Alhomwe anayamba kuwoloka malire ambirimbiri chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890, kuthawa msonkho ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi, ndipo eni minda anawalandira chifukwa ankafuna manja a thangata. Anapeza Amang'anja, Angoni ndi Ayao, nakwatirana nawo. Pamene Maclean Kay ankatsegula Satemwa mu 1923, kusakanikirana kumeneku kunali kutayamba kale. Lero boma la Thyolo lili ndi anthu oposa 720,000, ndipo amene akufuna kulumbira kuti magazi ake ndi a mtundu umodzi wokha ayambe wafunsa bwino azakhali ake kumudzi.

Sikuti bambo wa pa WhatsApp uja anapeka zonse. Kafukufuku wotere alipodi, kungoti pofika kuno anafika wopanda mutu ndi miyendo. Mu 2023 gulu la Lluis Quintana-Murci la ku Institut Pasteur mumzinda wa Paris linafalitsa zomwe linapeza m'magazini ya Nature. Anatenga magazi a anthu athanzi 222 a ku Cameroon, Belgium ndi Hong Kong, anapatula maselo oyera, asilikali a m'thupi aja, n'kuwathira vairasi ya Covid-19 ndi ya fuluwenza mu labotale kuti aone momwe achitire. Kusiyana kunaoneka ndithu. Koma atalondola gwero lake anapeza kuti mbali yaikulu sinachokere ku chibadwa. Inachokera ku zomwe matupiwo anakumana nazo, makamaka vairasi ina yotchedwa CMV, yomwe ambiri kuno timaitenga tili makanda kudzera mu mkaka wa m'mawere kapena malovu, ndipo imakhala m'thupi moyo wonse, kawirikawiri osatidwalitsa. Mwa anthu a ku Cameroon aja, 99 pa 100 alionse anali nayo. Ku Hong Kong theka. Ku Belgium 32 okha pa 100. Thupi lomwe lakhala likulondera CMV zaka zambiri limasintha kachulukidwe ka magulu a asilikali ake, ena amachuluka, ena amachepa, ndipo vairasi yatsopano ikabwera imapeza gulu lankhondo losiyana. Mbali yotsalayo inalidi ya chibadwa, akatswiriwo anailemba mosabisa. Koma taonani, iwo anayerekeza anthu otalikirana makilomita zikwizikwi, osati wa kwa Changata ndi wa kwa Nsabwe, ndipo anayeza maselo m'mbale ya mu labotale, sanawerenge ogonekedwa m'chipatala.

Pa bawo, pansi pa mtengo wa kuseri kwa msika wa pa boma, madala ena sanafune n'komwe kumva za mitundu. Kwa iwo vuto ndi mbadwo. Akuti ana a masiku ano anafewa ndi mafuta ophikira, soya ndi kugonera foni. Iwo anakula ndi makaka, nandolo ndi therere la chidulo, n'chifukwa chake chimfinechi changowanunkhiza n'kupitirira. Mnzawo wosewera nawo anawakumbutsa kuti sabata yatha bawo linaima masiku atatu chifukwa eni mawuwo anali m'bulangete. Madalawo anati kumeneko kunali kupumula.

M'mawu mwawo muli kanthu ndithu. Chimfine si vairasi imodzi, alipo mazanamazana, ndipo thupi limakumbukira omwe linalimbana nawo kale. Amene wangoyetsemula kawiri uja mwina anakumana ndi vairasi yomweyo, kapena m'bale wake, zaka zingapo zapitazo. Onjezanipo msinkhu, tulo, chakudya, utsi wa kukhitchini ndi wa fodya, pathupi, shuga, HIV yosadziwika kapena yosamwera mankhwala, ndiponso kuchuluka kwa tizirombo tomwe munthu anapuma, poti wogona pafupi ndi wodwala sangafanane ndi wogona kukhomo. Chibadwa chili pamndandanda womwewo, koma ndi chibadwa cha munthu payekha, chomwe chimasiyana ngakhale pakati pa ana a mimba imodzi.

Pa siteji ya kabaza nkhani inali itachoka kale pa chimfine, inali pa HIV. Kumeneko chikhulupiriro champhamvu si cha mtundu koma cha gulu la magazi. Mnyamata wina, akupukuta njinga yake yamoto, anauza anzake kuti iye ndi wa gulu O, ndipo a gulu O kachirombo kamangowadutsa. Anamuuza ndi msuweni wake wa ku Joni. Nthawi yomweyo anzake awiri anakumbukira kuti nawonso ndi a O. Apa pokha kuseka kumandithera, chifukwa bodza limeneli lapweteka anthu. A, B, AB ndi O ndi zizindikiro za pa maselo ofiira, pamene HIV imalowa m'maselo oyera a CD4. Gulu O ndi lomwe lili ndi anthu ambiri m'dziko muno, ndipo pamzere wolandirira ma ARV a gulu O ali mbwee. Pa Covid-19 kafukufuku anaonetsa kuti chiopsezo chawo chinali chotsikirapo pang'ono chabe, chosakwanira kuvulira munthu masiki.

Anthu omwe HIV imavutika kuwalowa alipo, koma nkhani yawo ndi ina. Mu 1996 akatswiri anapeza kuti kachiromboka kamafuna polowera pena pa selo, potchedwa CCR5, ndipo anthu ena amabadwa polowerapo palibe. Zimatero munthu akatengera kusintha kwa DNA kochititsa zimenezi kwa bambo ndi kwa mayi omwe. Kumpoto kwa Ulaya ndi munthu mmodzi pa 100 alionse. Kuno ku Africa pafupifupi kulibe. Timothy Ray Brown, wa ku America koma wokhala ku Berlin, anali ndi HIV komanso khansa ya m'magazi. Mu 2007 dokotala wake Gero Hütter anamuika maselo opanga magazi ochokera kwa munthu wotere, ndipo Brown analeka ma ARV kachirombo osabweranso mpaka anamwalira ndi khansa ija mu 2020. Chithandizo chimenecho n'choopsa, ena amafa nacho, ndipo mwa anthu omwe ali ndi HIV amachipereka kwa odwalanso khansa okha. Mwayiwo ulinso ndi mtengo wake: anthu opanda CCR5 amadwala kwambiri akagwidwa ndi vairasi ya West Nile yofalitsidwa ndi udzudzu, komanso pali mitundu ina ya HIV yomwe imalowera pena.

Nditawafotokozera izi, wa kabaza wina anagwira m'chiuno. "Ndiye achimwene, zabwino zonse anagawana okhaokha kumeneko?"

Ayi ndithu. Mu 2023 gulu lotsogozedwa ndi Paul McLaren wa ku Canada linayeza anthu pafupifupi 3,900 a makolo a ku Africa omwe ali ndi HIV, ndipo linapeza kusintha kwina kwa DNA pafupi ndi malo otchedwa CHD1L, komwe kumapezeka mwa anthu a makolo a ku Africa, pakati pa 4 ndi 13 pa 100 alionse. Amene ali nako, kachirombo kamakhala kochepa m'magazi mwawo. Sikuletsa kutenga, kumangochedwetsa matenda. Ku Durban nako kafukufuku wa mu 2004 anaonetsa chinthu chomwe ndikanakonda siteji yonse itachimva. Pa maselo athu pali zizindikiro zotchedwa HLA, zomwe zimalozera asilikali kuti selo ili lalowedwa. Chizindikiro chotchedwa B*58:01 chimathandiza thupi kupondereza HIV, pamene B*58:02, chosiyana nacho pang'ono zedi, chimayenda ndi kachirombo kochuluka. Zonse ziwiri zimapezeka mwa anthu a dera limodzi, olankhula chinenero chimodzi. Mzulu wina ali ndi ichi, Mzulu mnzake ali ndi icho.

Wodzidalira kuti iye sagwidwa amvenso za amayi a ku Majengo mumzinda wa Nairobi. Kuyambira m'ma 1980 Frank Plummer ndi anzake anatsata amayi oyendayenda a kumeneko, napeza kagulu komwe kanakhala zaka zambiri osatenga HIV ngakhale kanakumana nayo kambirimbiri. Mbiri yawo inamveka dziko lonse. Patapita zaka, ena mwa iwo anapezeka ndi kachiromboka.

Mayi wina wogulitsa nthochi pambali pa sitejiyo anafunsa za mabanja omwe mwamuna ali nako koma mkazi alibe, chaka ndi chaka. Mabanja otere alipo ambiri, ndipo kawirikawiri chifukwa chake si magazi olimba. Kachirombo sikapatsirana nthawi iliyonse anthu akakhalira limodzi, koma tsiku lake limatha kufika. Chomwe chinatsimikizika kuti chimateteza ndi mankhwala. Kafukufuku wa HPTN 052, yemwe mabanja a ku Blantyre ndi Lilongwe anatengapo mbali, anaonetsa mu 2011 kuti amene ali ndi kachirombo akayamba ma ARV msanga, chiopsezo chopatsira mnzake chimatsika ndi 96 pa 100. Palibe mtundu kapena gulu la magazi lomwe limafika pamenepo.

Ku Luchenza, m'nyumba yometera, akuluakulu anabwerera ku nthawi ya korona. Mmodzi anakumbutsa anzake momwe bulugamu wa m'maesiteti, amene amadzalidwa kuti apereke nkhuni zoumitsira tiyi, anathera masamba ndi anthu ofukiza. Akuti fungo la bulugamu, jinja ndi mandimu linali m'nyumba iliyonse. Wina anati bulugamuyo ndiye anatipulumutsa. Wometa, makina ali m'manja, anati ayi, ndi khungu lakudali, matendawo anali a azungu ndi mabwana okwera ndege. Amene ankametedwayo anafuna kutsutsa, koma anadikira kaye kuti makina achoke pafupi ndi khutu.

Wometayo ali ndi pogwira pang'ono. Mu 2020 Hugo Zeberg ndi Svante Pääbo anaonetsa kuti kachidutswa ka DNA komwe kamawonjezera chiopsezo chodwalika ndi Covid-19 kanachokera kwa a Neanderthal, anthu akalekale omwe ankakhala ku Ulaya ndi ku Asia ndipo anabereka ana ndi makolo a anthu a kumeneko. Pafupifupi theka la anthu a kummwera kwa Asia ali nako, ku Ulaya 16 pa 100, ku Africa n'kosowa zedi. Akanamva zimenezi bwenzi atameta ulere tsiku lonse. Koma amve ndi zinazi. Ku Britain ndi ku America anthu akuda anamwalira ndi Covid-19 mochuluka kuposa azungu poyerekeza ndi chiwerengero chawo, chifukwa cha ntchito zomwe amagwira, nyumba zothithikana, shuga ndi BP, komanso kuvutika kupeza chithandizo. Kwathu kuno vairasiyo sinatilambalale. Odwala oyamba analengezedwa pa 2 April 2020, ndipo akatswiri a Malawi-Liverpool-Wellcome atayeza magazi a anthu opereka magazi ku Malawi Blood Transfusion Service anapeza kuti pofika May 2021 oposa 60 pa 100 alionse anali atakumana nayo kale, ambiri osadziwa. Pofotokoza chifukwa chomwe imfa sizinachuluke ngati kwina, akatswiri ambiri amaloza msinkhu: theka la Amalawi ndi osafika zaka 18, pamene matendawa amalusira okalamba. Ndipo tisaiwale msanga January 2021, pamene nduna ziwiri, Sidik Mia ndi Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi pa 12, m'mwezi womwe tinaika m'manda aphunzitsi, abusa ndi ansembe, anthu akhungu lathu lomweli.

Ku sikelo ya ana amayi ali ndi funso lawolawo: bwanji mwana wina amatsegula m'mimba ngakhale analandira katemera yense, wa mnzake ayi? Apa yankho lina linapezeka kwathu konkuno. Katemera wa rotavirus, wodonthezera m'kamwa uja, anayamba kuperekedwa m'Malawi mu October 2012. Kafukufuku wa ku Blantyre wofalitsidwa mu 2019 anapeza kuti makanda omwe matupi awo mwachibadwa satulutsa timashuga tina ta m'matumbo, tomwe vairasiyi imagwirapo, sankadwalika nayo kawirikawiri ngati anzawo. Ana oterewa amapezeka mu mtundu uliwonse, ndipo mayi sangawazindikire poyang'ana nkhope. Chomwe mayi angachite n'kupita naye ku sikelo, poti katemerayu anachepetsa imfa za makanda zobwera ndi kutsegula m'mimba ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu.

Yankho lomwe linandikhutiritsa ndinalimva kwa bambo wachikulire amene wakalambira ku nazale ya tiyi. Iye anati tiyi alipo wa mitundu iwiri. Pali wodzala ndi timitengo todula ku tsinde limodzi, monga SFS 150 kapena PC 108 ochokera ku malo a kafukufuku wa tiyi a ku Mimosa ku Mulanje. Munda wotero ndi mtengo umodzi wobwerezedwa, chilala kapena nthenda ikagwira tsinde limodzi yagwira onse mofanana. Ndiye pali minda yakale ija yodzala ndi njere, momwe tsinde lililonse lili ndi khalidwe lake, lina tsamba lalikulu, lina laling'ono, lina lafota, loyandikana nalo lili biriwiri. "Anthufe ndife tiyi wa njere, mwanawe. Palibe mtundu womwe anaudula ku tsinde limodzi."

Sayansi ikugwirizana nawo bambowo. Kuyambira 1972, pamene Richard Lewontin anawerengetsera koyamba, zakhala zikuoneka kuti pafupifupi magawo 85 pa 100 a kusiyana kwa chibadwa cha anthu amapezeka mkati mwa gulu limodzi, pakati pa munthu ndi mnansi wake. Ku Africa n'kumene kusiyanaku kwachuluka kuposa kwina kulikonse, chifukwa anthu akhala kuno nthawi yaitali kuposa kwina. Mu 2020 akatswiri a H3Africa atawerenga DNA ya anthu 426 okha a m'maiko 13 anapeza zosiyana zoposa 3 miliyoni zomwe zinali zisanalembedwepo. Za Malawi weniweni, kafukufuku wa mu 2017 amene anayeza mafupa akale a ku phiri la Hora ku Mzimba, ku Fingira pa Nyika ndi ku Chencherere ku Dedza anayezanso Achewa, Ayao, Angoni ndi Atumbuka a lero. Anapeza kuti eni mafupawo, alenje akale omwe ankakhala kuno alimi asanafike, sanasiye chizindikiro chooneka mwa anthu omwe anayezedwawo, ndipo mitundu inayi ija inaoneka yochokera ku gwero limodzi, la alimi olankhula zinenero za Chibantu. Bambo wa kwa Bvumbwe uja akumbukenso kuti pa ulendo wawo wautaliwo Angoni ankatenga anthu m'njira monse n'kuwasandutsa Angoni.

Mawu omwe anandiwawa ndinawamva mu minibasi yochokera ku Limbe. Bambo wina wovala bwino, wooneka mlendo kuno, ananena mokweza kuti Edzi inachuluka kummwera chifukwa cha magazi a Alhomwe ndi gondolosi wawo. Minibasi yonse inati zii, mpaka kondakitala anatembenuka. "Bwana, gondolosiyo amagula kwambiri ndi a magalimoto a ku Lilongwe." Anthu anaseka mpaka pa Thunga. Zoti HIV inachuluka kummwera ndi zoona: kafukufuku wa dziko lonse wa mu 2015 ndi 2016 anapeza kuti kummwera akuluakulu pafupifupi 13 pa 100 anali ndi HIV, pamene pakati ndi kumpoto anali pakati pa 5 ndi 6. Koma umboni woti chifukwa chake ndi magazi a mtundu wina palibe. Zifukwa zili m'mbiri ya dera lino: malo ochepa poti nthaka yabwino ili pansi pa tiyi, amuna osiya mabanja kukagwira ntchito ya nyengo kapena kupita ku Joni ndi ku Harare, amayi osowa pogwira miyezi yomwe masamba kulibe, misewu ya malonda yopita ku Blantyre ndi ku malire a Muloza. Mchewa kapena Mtumbuka wokhala moyo womwewo akumana ndi chiopsezo chomwecho. Ndipo Thyolo yemweyu anaonetsa dziko chochita. A Médecins Sans Frontières anayamba kugwira ntchito ndi chipatala cha boma mu 1997, ma ARV anayamba kuperekedwa mu 2003, ndipo pofika 2007 ambiri mwa ofunika mankhwala anali akulandira, kudzera m'zipatala zazing'ono, anamwino ndi anthu odzipereka a m'midzi. Odwala omwe achibale anali atawataya mtima anadzuka n'kubwerera kukathyola tiyi ndi magazi awo omwe aja.

Pali chimodzi chomwe ndikugwirizana ndi okangana onsewa: magazi athu ayenera kuphunziridwa paokha, osangodalira miyezo ya kunja. Ambiri a ife tilibe chizindikiro chotchedwa Duffy pa maselo ofiira, zomwe zimatiteteza ku mtundu wina wa malungo wotchedwa vivax, ndipo anthu otere amakhala ndi maselo oyera a mtundu wa neutrophil ocheperako m'magazi ngakhale ali bwinobwino. Dokotala wodalira buku la ku Ulaya atha kumuyesa wodwala munthu wathanzi. Mu 2010 Wilson Mandala ndi anzake anafalitsa zomwe anapeza atawerenga asilikali a m'thupi mwa Amalawi athanzi ku Blantyre, kuyambira makanda mpaka akuluakulu, ndipo zinaonetsa kuti mlingo wa CD4 mwa ana athu ndi wotsikirapo kuposa wa ana a m'maiko olemera. Pulofesa Mandala pambuyo pake anadzatsogolera maphunziro a zachipatala pa yunivesite ya MUST ku Ndata, konkuno ku Thyolo. Ntchito yotere ikadali yochepa. Mwa anthu onse omwe DNA yawo yalowa m'kafukufuku wamkulu wa matenda padziko lapansi, a makolo a ku Africa safika 3 pa 100.

Kuti zimenezi zisinthe pafunika kutenga magazi, ndipo ku Thyolo mawu amenewo si opepuka. Pa mjigo wina amayi atamva kuti kafukufuku wa ku Paris uja anatenga magazi a anthu 222, funso loyamba linali lakuti kodi eni akewo ali moyo. Panali chiseko, koma tonse tikukumbuka 2017, pamene mphekesera za anamapopa zinayambira ku Mulanje ndi Phalombe n'kufika kuno, anthu osachepera 9 anaphedwa ndi magulu olusa, ndipo ogwira ntchito zaumoyo ankaopa kulowa m'midzi. Zinachitikanso mu 2002. Anaphedwawo anali osalakwa, ndipo palibe chomwe chingalungamitse imfa zawo. Komabe mantha amenewo sanagwe kumwamba. Anthu omwe makolo awo analandidwa malo n'kugwiritsidwa thangata ali ndi chifukwa chokayikira mlendo wobwera ndi galimoto kudzatenga kanthu osafotokoza.

Choncho inu akafukufuku a ku MUST, ku KUHeS ndi ku Malawi-Liverpool-Wellcome, mukamabwera muzidzera kwa amfumu ndi alangizi a zaumoyo omwe anthu amawadziwa. Muzinena kuchuluka kwa magazi omwe mutenge, komwe apite ndi chomwe mukufuna kuona, ndipo mukamaliza mubwerenso pa bwalo lomwelo kudzatiuza zomwe mwapeza, m'Chichewa ndi m'Chilhomwe. Inunso a pa shedi, pa siteji ndi pa mjigo, chifuwa chikapitirira sabata ziwiri pitani mukayezetse TB kuchipatala cha boma, ku Malamulo kapena kuchipatala chaching'ono chapafupi, ndipo mwana akayamba kupuma mobanika musadikire kuti kuche. Kuyezetsa HIV m'zipatala za boma n'kwaulere, ndipo zotsatira zimatuluka tsiku lomwelo.